Chovala cha Galasi ndi Muyeso wa Mphamvu Yosaoneka

Tikamakamba za faiba, ulusi wa galasi wonyamula uthenga pogwiritsa ntchito kuwala, kuno ku Blantyre, nkhani imathera pa liwiro la intaneti ndi mtengo wake. Ine ndimaona kuti luso lalikulu lili pa zinthu ziwiri zimene sizitchulidwa kawirikawiri, zomwe ndi momwe ulusi wa galasiwo umakutidwira kuti usasweke, komanso momwe amisiri amayezera mphamvu imene maso sangaione.

Mu 1966 Charles Kao ndi George Hockham, omwe ankagwira ntchito ku Harlow m'dziko la England, adaonetsa kuti kuwala kumazimirira msanga m'galasi chifukwa cha zinyalala zosakanikirana nalo, ndipo kuti galasi loyeretsedwa bwino lingathe kunyamula uthenga mtunda wautali. Mu 1970 akatswiri a kampani ya Corning ku America, Robert Maurer, Donald Keck ndi Peter Schultz, adapanga ulusi wotero, ndipo Kao adalandira mphoto ya Nobel mu 2009. Ulusi wabwino wa lero umayendetsa kuwala makilomita pafupifupi 15 theka la mphamvu yake lisanathe.

Komabe galasi lotereli silingakhale lamaliseche ngakhale kwa kanthawi kochepa. Kunenepa kwake ndi mamilimita 0.125 basi, ndipo kanjira kapakati komwe kuwala kumadutsa ndi ka mamilimita pafupifupi 0.009. Likangokandika pang'ono, chinyezi chimalowa pokandikapo, mng'alu n'kumakula mwakachetechete mpaka ulusi kuduka. N'chifukwa chake opanga amalikuta ndi pulasitiki nthawi yomweyo pamene likukokedwa kuchokera m'ng'anjo, lisanakhudze chinthu china chilichonse. Pulasitikiyo imakhala ya miyalo iwiri: wamkati ndi wofewa kuti galasi lisapanikizike ndi kutaya kuwala, ndipo wakunja ndi wolimba kuti ulandire nkhonya za panjira. Zikatero ulusi umafika mamilimita 0.25.

Nzeru imene imandigometsa kwambiri ndi yoika ulusi momasuka m'timapaipi todzadza ndi mafuta olimba otchinga madzi, ulusiwo uli wotalikirapo pang'ono kuposa kapaipi kake. Nthambo imafutukuka m'dzuwa la Okutobala ndipo imakhwinyata m'chisanu cha Juni, mphepo imaikoka ikakhala pamitengo, koma galasi lili m'katimo silimva kukokako chifukwa adalisiyira malo opumira. Mphamvu yonse yokoka imagwera pa ulusi wachikasu wa Kevlar, umene Stephanie Kwolek adatulukira ku kampani ya DuPont mu 1965. Nthambo zokwirira pansi zimakutidwanso ndi chitsulo chopyapyala poopa makoswe, pomwe zina zimabisidwa m'kati mwa waya wapamwamba kwambiri pa nsanja za magetsi, uja amatchinjiriza mphezi. Umu ndi momwe faiba ina imayendera pa nsanja za ESCOM, kutali ndi khasu la wokumba ngalande. Kwa dziko lopanda nyanja yamchere ngati lathu, lomwe limadalira nthambo zodutsa kwa anansi monga Tanzania ndi Mozambique kuti lifike ku nthambo za pansi pa nyanja, kilomita iliyonse yotetezedwa bwino ndi ya mtengo wapatali.

Polumikizira nthambo pali luso linanso. Nsonga ya ulusi imaikidwa m'kamtengo koyera ka zirconia (chinthu cholimba chonga dothi lootcha), konenepa mamilimita 2.5 pa cholumikizira cha mtundu wa SC chimene idapanga kampani ya NTT ku Japan, kapena mamilimita 1.25 pa mtundu wa LC wa kampani ya Lucent, kuti tinjira tiwiri tating'onoting'ono tija tiyang'anane ndendende. Kafumbi kamodzi kokha kangathe kutseka kanjirako. Mtima umandiwawa ndikaona nthambo yachikasu itapindidwa mwamphamvu kuseri kwa kabati m'maofesi a m'tauni muno, nsonga yake ili pamtunda popanda chivindikiro m'fumbi la chilimwe.

Kumene faiba siidafike, kapena ikaduka, uthenga umauluka pa mafunde a wailesi aafupi kwambiri otchedwa microwave kudzera m'mbale zooneka ngati ng'oma zimene timaziona pa nsanja za mafoni. Apa vuto ndi kuyeza. Magetsi a m'nyumba amasinthasintha maulendo 50 pa sekondi, motero mmisiri amangoyeza ma volt ndi ma amp n'kudziwa mphamvu yake. Mafunde a 10 GHz amasinthasintha maulendo 10 biliyoni pa sekondi, ndipo funde limodzi ndi lotalika masentimita 3 okha, kotero kuti ma volt amasiyana malo ndi malo pa nthambo imodzimodziyo. Nthawi zina mafundewo amadutsa m'paipi yachitsulo yopanda kanthu m'kati, mopanda waya woti n'kugunditsapo choyezera. Chodalirika ndi kuyeza mphamvu yeniyeniyo.

Njira yakale, yomwe ikadali yokhulupirika, ndi yosandutsa mafundewo kukhala kutentha. Samuel Langley adapanga chipangizo chotchedwa bolometer cha m'ma 1880 pofuna kuyeza kutentha kwa dzuwa, ndipo akatswiri a radar (makina ofufuzira ndege ndi mafunde a wailesi) pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse adagwiritsa nzeru yomweyo. Kachipangizo komva kutentha kotchedwa thermistor kamatenthedwa kale ndi magetsi odziwika kuchuluka kwake. Mafunde akafika n'kuwonjezera kutentha, makina amachepetsa magetsi aja kuti kutentha kubwerere pakale, ndipo magetsi amene achotsedwawo ndiwo muyeso wa mphamvu ya mafundewo. Chosadziwika chimayezedwa pochisinthanitsa ndi chodziwika. Pambuyo pake padabwera zoyezera za thermocouple zimene zimasandutsa kutenthako kukhala magetsi, komanso za diode zimene zimamva mphamvu yochepetsetsa ndiponso mwachangu.

Palinso chipangizo chotchedwa directional coupler, chimene chimatapako pang'ono mafunde akudutsa ndi kusiyanitsa opita ku mlongoti ndi obwerera. Kusiyanitsaku n'kofunika kwambiri nyengo ya dzinja, chifukwa madzi akalowa polumikizira, mphamvu yambiri imabwerera m'malo motuluka, ndipo ingathe kuwononga makina otumizira. Mvula yamkuntho ya mu Januwale imafoolanso mafunde opitirira 10 GHz ali m'malere, ndiye mmisiri wopanda choyezera sangadziwe ngati vuto lili kumwamba kapena pa nsanja pomwepo.

Amisiri a faiba ndi a microwave amawerengera mofanana, mu dBm. Muyeso wa 0 dBm ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a wati (watt, muyeso wa mphamvu ya magetsi), 30 dBm ndi wati imodzi, ndipo kutsika ndi 3 dB ndiko kutaya theka la mphamvu. Ndimalakalaka wophunzira aliyense wa zamagetsi pa yunivesite ya MUBAS atagwira zoyezerazi ndi manja ake asanamalize maphunziro, ndiponso kuti aliyense woikitsa faiba pa ofesi kapena pakhomo aziumirira kuti mmisiri alembe muyeso wa tsiku loikalo n'kuumata pabokosi. Intaneti ikadzayamba kuvuta, wodzakonza adzayezanso n'kufananiza ndi nambala yolembedwayo, ndipo adzadziwa msanga ngati ayenera kupukuta nsonga, kuwongola nthambo kapena kufunafuna pamene yakandika.