Mmene ndinasamukira ku koleji yaing'ono ku America modalira sikolashipu

Nditatha chaka chimodzi ndi theka pa yunivesite ina yaikulu ya boma ku Ohio, ndinatsimikiza mumtima kuti ndiyenera kusamuka. M'kalasi ya chemistry tinkakhala anthu mazana angapo m'holo imodzi, ndipo semesita inkatha mphunzitsi asanadziwe dzina langa. Ndinkafuna koleji yaing'ono kumene munthu akafunsa funso amayankhidwa pomwepo, koma makoleji ambiri otere si a boma ndipo fizi yake ndi yokwera kwambiri. Popeza ndinachokera ku Malawi ndipo ndili ndi viza ya ophunzira ya F-1, thandizo la boma la America lodzera mu fomu yotchedwa FAFSA silinkandikhudza. Ndinadalira sikolashipu imene munthu amapatsidwa chifukwa chokhoza bwino m'kalasi, yomwe kuno amaitcha merit scholarship.

Ndinayamba ndi kuchepetsa mndandanda wanga. Makoleji ena otchuka monga Amherst ndi Williams amathandiza ophunzira potengera kusowa kwa banja kokha, osati magiredi, motero ndinawachotsa. Chimene chinandithandiza kwambiri ndi chikalata chotchedwa Common Data Set, chimene makoleji ambiri amaika pa intaneti chaka ndi chaka. Gawo D limanena za ophunzira osamuka, gawo H2A limaonetsa thandizo losadalira kusowa kwa banja, ndipo gawo H6 limanena za thandizo la ophunzira akunja. Kenaka ndinalembera maofesi olembetsa ophunzira funso limodzi lolunjika: kodi sikolashipu zimene mumalengeza zimaperekedwanso kwa wosamuka wochokera kunja? Mayankho ena anandifooketsa, chifukwa ndalama zambiri zimasungidwira oyamba chaka choyamba, ndipo zina zimene zimatsala ndi za mamembala a Phi Theta Kappa, bungwe la ophunzira a makoleji a zaka ziwiri, limene ine sindinali membala wake.

Mafomu ndinalemba kudzera mu Common App ya osamuka, tsamba la pa intaneti lofunsira malo m'makoleji ambiri, ndipo masiku otsekera anali mu Malichi. Anafuna magiredi anga onse, College Report (fomu yonena za mbiri yanga pa sukulu) yosainidwa ndi ofesi ya sukulu yanga, ndi kalata ya mphunzitsi wondichitira umboni. Kalata imeneyi inandivuta pa chifukwa chomwecho chimene chinkandisamutsa, mpaka ndinapita kwa mayi wina amene ankatiphunzitsa mu labu, yemwe ankakumbukira kuti ndinkatsalira kutsuka mabotolo ena atatuluka. Koleji imodzi inafunanso CSS Profile, fomu yofotokoza chuma cha banja, ndipo mayi anga ankajambula mapepala a kubanki pa foni n'kunditumizira pa WhatsApp pakati pa usiku, ine n'kumasintha makwacha kukhala madola.

Makoleji awiri anandilandira, ndipo apa ndi pamene ndinatsala pang'ono kulakwitsa. Yoyamba inandipatsa sikolashipu yooneka yaikulu, moti ndinafuna kulipira dipoziti tsiku lomwelo. Mlangizi wanga anandiuza kuti ndiyambe ndapempha kuti awerenge makirediti anga, kapena kuti mapointi a maphunziro amene ndinakhoza kale, molemba, phunziro ndi phunziro. Yankho litabwera, ndinapeza kuti maphunziro anga atatu sanawerengedwe pa digiri imene ndinkafuna, zimene zinkatanthauza masemesita asanu, pamene kalata ya sikolashipu, m'ndime yake yomaliza, inkanena kuti thandizolo ndi la masemesita anayi okha. Semesita yachisanu ndikanalipira ndekha fizi yonse, ndipo banja lathu silikanakwanitsa. Koleji yachiwiri inandipatsa zocheperapo, koma inavomereza pafupifupi maphunziro onse amene ndinakhoza ndi C kapena kuposa, nditawatumizira masilabasi. Nditawerengetsa zonse kufikira tsiku lolandira digiri, kuphatikizapo chipinda, chakudya ndi inshuwalansi ya zaumoyo, yachiwiriyo inali yotsika mtengo. Ndinawalemberanso mwaulemu kuwaonetsa kalata ya koleji inayo, ndipo anawonjezera pang'ono. Ndinafunsanso GPA, kapena kuti avareji ya magiredi, imene ndiyenera kusunga kuti thandizolo lisadulidwe, ndipo anandiyankha molemba kuti ndi 3.0.

Chotsala chinali nkhani ya viza. Ndinapita kwa DSO, mkulu woona za ophunzira akunja pa yunivesite yanga yakale, ndi kalata yondilandira, ndipo tinagwirizana tsiku losamutsira mbiri yanga ya mu SEVIS, kaundula wa boma la America wa ophunzira akunja. Tsikuli limafuna kulisankha mosamala, chifukwa likangofika chilolezo chogwira ntchito pa sukulu yakale chimatha, ndipo maphunziro ku sukulu yatsopano ayenera kuyamba miyezi isanu isanathe. Ine ndinkagwira ntchito ku laibulale maola osapitirira 20 pa sabata, motero ndinasankha tsiku lotsatira mayeso anga omaliza kuti ndisataye malipiro. Koleji yatsopano inafuna umboni wa ndalama zotsala pambuyo pa sikolashipu isanandipatse I-20 yatsopano, chikalata cha sukulu chimene chimayendera limodzi ndi viza, ndipo mayi anajambulanso mapepala a kubanki kachiwiri. Mu Ogasiti ndinalowa m'kalasi yanga yoyamba ya chemistry kumeneko, tinalimo anthu 14, ndipo mphunzitsi anandifunsa katchulidwe koyenera ka dzina langa asanayambe kuphunzitsa.