Anzanga a ku Philippines mu wodi yathu

Mu wodi yathu kuno ku England, anamwino ambiri a usiku ndi ochokera ku Philippines. Ine Mmalawi ndimawamvetsa, chifukwa njira imene anadutsa ndinadutsamonso.

Ngakhale utagwira unamwino zaka zambiri ku Manila kapena ku Cebu, bungwe loyang'anira anamwino ndi azamba kuno, la NMC, silingokulemba m'kaundula. Uyambe wakhoza Chingerezi, mayeso a IELTS kapena OET. Kenako mayeso a pa kompyuta, CBT, omwe ambiri amalembera kwawo konko. Ukafika kuno pamatsala OSCE: umalowa m'chipinda, pabedi pali chidole kapena munthu wongoyerekeza kudwala, woyesa ali pambali ndi cholembera. Kuiwala kusamba m'manja kapena kufunsa wodwala dzina ndi tsiku lobadwa kungakugwetse. Podikira nambala ya kaundula, mayi amene ankayang'anira wodi yonse kwawo amalandira malipiro a wothandizira. Zimenezi zimandipweteka mtima.

Mayeso akatha, kuzolowera ndi nkhani inanso. Mnzanga wina ankalephera kutchula dokotala wamkulu dzina lake loyamba, lilime limakana. Kuona agogo akugona mlungu wathunthu popanda wachibale wodzawazonda kunkamuliza. Mu Disembala kumayamba kuda cha m'ma 4 koloko masana, ndipo kayankhulidwe ka odwala ena sikafanana ndi Chingerezi cha m'kalasi.

Pa nthawi yopuma mnzangayo amatsegula kontena ya mpunga ndi adobo, nkhuku yophikira viniga ndi soya sosi, n'kundipatsa supuni. Malipiro akangolowa, gawo lalikulu amatumiza kwawo ku Iloilo: fizi ya ana, mankhwala a mayi ake, ndi malata a nyumba imene akumanga.