Mbiri ya moyo wanga, gawo 17: Chipinda cha amayi

Ndinalekezera pomwe amayi anachoka kumsasa wa kusukulu atasenza kamtolo ka zovala ndi mphika umodzi. Nyumba yawo ya zidina inagwa ndi namondwe wa Freddy mu Marichi 2023, monga zinagwera nyumba zambiri kwathu kuno cha ku Limbuli. Anafikira kukhitchini kwanga. Mayi wondibala kumagona pambali pa mafuwa, utsi uli tolotolo, ine ndili pa matilesi. Tulo sindinkatiwona.

Ndinawauza bambo a kunyumba kuti tiwonjezere chipinda chimodzi ku nyumba yathu. Sanakane, koma sanavomerenso msanga, ndipo chifukwa chake ndinkachidziwa. Iwo ndi mkamwini. Malo ano ndi a mbumba yathu, ochokera kwa agogo aakazi, ndipo mwamuna aliyense wa kuchikamwini akamagula thumba la simenti amadzifunsa kuti banja likadzatha kapena mkazi akadzatsogola, iye adzatuluka ndi chiyani. Sindiwaweruza. Tinapita kwa amalume, eni mbumba, ndipo anayankhula pamaso pa abale kuti thukuta la akamwini awo likudziwika ndipo nyumbayo ndi ya ana athu. Mawu amenewo ndiwo anatsegula chikwama cha amuna anga.

Vuto lina linachokera kwa amayi eni ake. Ine ndinkaganiza zoboola khoma la pabalaza kuti chitseko chawo chikhale cham'kati. Anangoti, "Iwe, ine ndizidutsana ndi apongozi anga m'bandakucha ndikupita kuseri? Bola ndikhale kukhitchini konkuno." Amene munakulira m'tauni mwina museka, koma kwathu manyazi a pakati pa mkamwini ndi apongozi ake aakazi ndi ulemu weniweni. Choncho chitseko chinayang'ana kunja, kumbali ina, ndi kakhonde kakekake. Zimenezo zinawonjezera felemu yolimba, loko, nsanamira ziwiri ndi malata atatu omwe sanali m'mutu mwanga.

Ndinkawerengera kuti poti khoma limodzi lilipo kale, ndimanga makoma atatu okha, ndiye zitchipa. Mmisiri atabwera anayamba wakumba m'mbali mwa khoma lakalelo kuti awone maziko. Anapeza kuti ndi osaya, ndipo anamangidwa ndi dothi. Anandiuza kuti, "Mayi, chatsopano chimakhazikika pachokha, chakale chinakhazikika kalekale. Tikangogunditsa osamangirira, pakatha mvula ziwiri muwona mng'alu kuyambira kudenga mpaka pansi." Ndiye panafunika kugumula njerwa zina za pangodya kuti zatsopano zilumane ndi zakale, kuyala waya pakati pa mizere ya njerwa, ndi kuika pulasitiki yakuda pamwamba pa maziko kuti chinyontho chisakwere khoma. Titawona zomwe madzi anachita chaka chimenecho, sindinafune kumva za kumangira dothi. Maziko anakhala akuya, a simenti, ndipo chiwundo chinakwera kufika m'bondo kuti madzi othamanga kuchokera kuphiri azidutsa pansi pa khonde.

Njerwa tinaumba tokha mu Juni. Apa ndinalakwitsa. Ndinaiwala chiperoni, kamvula kowaza kaja kobwera ndi chisanu, ndipo usiku umodzi wokha kanasungunula njerwa zomwe tinasiya pamtetete osafunditsa. Tinaumbanso. Koma chomwe chinadya ndalama si kuumba ayi, ndi nkhuni zowotchera uvuni. Kuno malo ambiri ndi minda ya tiyi, minda yathu ndi timagawo, ndipo mtengo uliwonse uli ndi mwini wake. Ndinagula mitengo ya bulugamu, kulipira odula, kulipira osenza. Nditaphatikiza zonse, mabuloko a simenti sakanasiyana nazo kwambiri, ndipo mtima ukanakhala m'malo, chifukwa tonse tinawona momwe matope ndi miyala zinatsikira m'malo momwe mitengo inatha.

Mchenga ndi miyala sindichedwapo. Wa kumtsinje ndiwo wabwino, wa m'dambo uli ndi dothi ndipo umafooketsa simenti. Amayi anzanga anasenza m'ndowa pa ganyu, ndipo madzi omangira tinkatunga ine ndi ana.

Tsopano denga. Ine ndinkafuna kungopitiriza malata kuchokera pomwe akale anathera, atsetsereke choncho. Mmisiri anayeza ndi chingwe n'kundiwonetsa kuti kumapeto kwake munthu wamtali azigunda mutu, ndiponso denga likhala ngati lagona. Ndi mvula ya ku Mulanje, denga logona limabweza madzi m'malo olumikiza malata, ndipo amadontha ndendende pamene pali bedi. Panafunika kukhoma kenchi yakeyake ndi kuika lata lopinda pamalo okumana madenga awiriwo. Matabwa tinawapaka oyilo wakutha wa galimoto kuopa chiswe. Agogo ankanena kuti kale anthu ankakhomera mkungudza wa m'phirimu, womwe chiswe sichiyandikira, koma lero mtengo umenewo ndi wotetezedwa ndipo unatsala pang'ono kutheratu. Wina anabwera madzulo kudzanditsatsa matabwa ake mobisa. Ndinamubweza.

Ndalama zinkachokera ku banki m'khonde, ku nthochi ndi nanazi zomwe ndimagulitsa, ndi ku malipiro a amuna anga a kuesiteti. Tinkamanga zikapezeka, zikatha n'kuima. Makoma anafika pa lintala mu Okutobala, ndipo ndinasunga ndalama ya malata m'nyumba kudikira kuti ikwanire onse pamodzi. Mu Novembala boma linatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti. Nditapita kusitolo sabata yotsatira, ndalama ija inali yosakwana ngakhale pang'ono, ndipo ndinakhala pakhonde la sitoloyo misozi ili m'maso. Simenti sungaisunge nthawi yaitali kuno, imauma ndi chinyezi ngakhale ili m'thumba, koma malata saola. Ndikanamagula awiri lero, atatu mwezi wamawa, n'kumawaimika kuseri kwa kabati, bwenzi nditapulumuka. Ndinkafuna a geji 28, okhuthala, koma ndinabwera ndi a geji 32, opyapyala, omwe ndikudziwa kuti adzachita dzimbiri msanga.

Amuna anga anagulitsa njinga yawo kuti tigule misomali ndi kumaliza kulipira mmisiri. Sanandiuze. Ndinangowawona akunyamuka wapansi tambala woyamba atangolira.

Amayi analowa m'chipindamo mu Disembala, mvula itayamba kale. M'kati munali mopaka pulasitala, kunja njerwa zili poyera mpaka lero, ndipo pawindo tinakhomapo thumba poyembekezera magalasi. Usiku woyamba kunagwa chimvula, ndipo ndinadzuka kawiri ndi tochi kukayang'ana pomwe makoma anakumana. Panali pouma. M'mawa ndinawapeza atayala mphasa pakakhonde kawo akusankha nandolo. Amuna anga podutsa anaima patali, n'kunjuta, n'kuti, "Mwadzuka bwanji amayi?" Amayi anayang'ana kumbali, n'kuwomba m'manja nthawi yaitali kuposa masiku onse.

Ngongole ya ku banki m'khonde inanditsatira mpaka chaka chinacho, ndipo momwe inatsala pang'ono kundidanitsa ndi mng'ono wanga ndidzakusimbirani m'gawo likubwerali.