Mwana wathu wayambanso kuthamanga, tikuthokoza nonse

Ndikuthokoza nonse amene munaima nafe pa vuto la bondo la mwana wathu wamkazi. Opaleshoni inayenda bwino, mafizo afika kumapeto, ndipo adokotala amulola kubwerera ku masewera. Ambiri munkafunsa kuti chavuta n'chiyani, ife n'kumangoyankha kuti ndi bondo. Lero ndifotokoze, kuti mudziwe chimene achipatala, aphunzitsi ndi achibale anatichitira.

Kutsogolo kwa bondo kuli kafupa kozungulira kaja, kamene madokotala amakatcha patella. Munthu akamapinda ndi kuwongola mwendo, kafupaka kamayenda m'kangalande ka kumapeto kwa fupa la ntchafu. Kangalande ka mwana wathu n'kosazama, ndiye akangotembenuka mwadzidzidzi phazi litaponda pansi, kafupako kankaguluka n'kupita cha kunja kwa bondo. Kataguluka koyamba, mtsempha wa mbali ya mkati wotchedwa MPFL, umene umakakoka ngati chingwe, unang'ambika. Kuyambira pamenepo zinkangobwerezabwereza. Ankagwa, kulira atagwira bondo, ndipo akawongola mwendo pang'onopang'ono kafupa kankabwerera, kenako bondo n'kutupa. Chimene chinkandipweteka mtima kwambiri chinali mantha ake. Mwana wokonda kudumpha uja anayamba kutsika masitepe chammbali, atagwiritsa khoma.

Adokotala a mafupa, ine mawu andithera. Munayamba ndi mafizo ndi chomangira bondo, ndipo za opaleshoni munazitchula zimenezo zitalephera. Munatiuza kuti kafupa kakamagulukaguluka kamaperesa chicherewecherewe cha m'bondo, chimene chikawonongeka sichibwerera mwakale. Koma chimene ndikukuthokozerani koposa n'choti simunaiwale kuti bondo limeneli likukulabe. Munatilozera pa X-ray kamzere kodera kodutsa pafupi ndi mapeto a fupa la ntchafu, n'kunena kuti fupa limakulira pamenepo. Kamzere kameneka ndi kamene kamapereka pafupifupi 70 peresenti ya kutalika kwa fupa la ntchafu, pafupifupi sentimita imodzi pa chaka. Kakavulala, mwendo ukhoza kufupika kapena kukhota.

N'chifukwa chake simunachite opaleshoni imene imachitika pa akuluakulu ena, yodula kachitunda ka pa fupa la msongolo n'kukasuntha. Pa mwana, pamenepo palinso malo okulira fupa, ndipo akawonongeka bondo limatha kuyamba kupindikira kumbuyo. M'malo mwake munatenga mtsempha wina wochokera mkati mwa ntchafu yake yomwe, n'kupanga MPFL yatsopano, n'kuimangirira kunsi kwa kamzere kaja, mukuyang'ana ndi X-ray kuti musakakhudze. Zonsezi munatifotokozera modekha, munachita kujambula papepala, ndipo mwanayo munkalankhula naye mwiniwake, osangoti ife makolo. Dokotala wotere ndi mphatso.

Anamwino amene munkamusuzumira usiku, ndi inu amene munamugoneka tulo ta opaleshoni mukucheza naye mpaka anaiwala mantha, Mulungu akudalitseni.

A mafizo, ntchito yanu anthu saiona, koma ine ndinaiona. Atachita opaleshoni ntchafu inaphwa, ndipo sankatha ngakhale kukweza mwendo atagona chagada. Munkaika kathawulo kopinda pansi pa bondo n'kumuuza kuti akakanikize, inu mutaika zala pa ntchafu kuti mumve ngati mnofu wadzuka. Tsiku limene unagwedezeka munasangalala kuposa ife. Masiku amene ankakana, akulira kuti kupinda bondo kukuwawa, simunamukalipire, komanso simunamulekerere.

Aphunzitsi ake, zikomo pomutumizira ntchito kunyumba ndi pomupezera malo okhala oti azitha kuwongola mwendo. Anzake a m'kalasi munkamunyamulira chikwama iye ali pa ndodo, ndinu ana abwino. Azakhali ake, munasiya zanu n'kudzagona nafe kuchipatala. Agogo, mapemphero anu tinkawamva ngakhale muli kutali. Bambo ake, inu mukudziwa usiku umene tinkasinthana kumutembenuza. Zikomo.

Ndipo iwe mwana wanga, unapirira zimene akuluakulu ambiri sakanapirira. Unkachita mafizo ako ngakhale tsiku limene sunafune kuona munthu. Ndimakunyadira kwambiri.

Tizipitabe kuchipatala mpaka atasiya kukula, kuti adokotala aziona ngati miyendo yonse iwiri ikutalika mofanana komanso ngati kafupa kaja kakuyenda m'njira yake. Bondo linalo aziliyang'ananso, poti kangalande kosazama nthawi zambiri kamapezeka mbali zonse ziwiri. Choncho musatope nafe, pitirizani kutikumbukira m'mapemphero. Zikomo kwambiri nonse.