Kuzungulira Ring of Kerry pa galimoto: nyamukani mamawa

Ring of Kerry, kum'mwera chakumadzulo kwa Ireland, ndi msewu wozungulira wa makilomita 179. Osaima mungaumalize m'maola atatu ndi theka, koma mungaonenji? Upatseni tsiku lathunthu. Amayenda kumanzere ngati kwathu, ndiye pamenepo palibe chachilendo.

Chovuta ndi mabasi a alendo. Amachoka ku Killarney kulowera ku Killorglin, Cahersiveen, Waterville, Sneem mpaka Kenmare. Mukawatsatira mochedwa, mudzangoona kumbuyo kwa basi tsiku lonse. Mukazungulira mbali inayo, mudzakumana nawo pamakona opanikizika, mpanda wa miyala uli pafupi ndi galasi lanu lakumanzere. Bola kutsata njira yawo yomweyo koma kunyamuka 8 koloko isanakwane.

Mukadutsa Cahersiveen, patukani pa msewu waukulu wa N70 kupita ku Portmagee. Kumeneko ndi ku Skellig Ring, msewu wina waung'ono wozungulira, kumene mabasi aakulu safika chifukwa msewu ndi wopapatiza. Pali mlatho wolowera pachilumba cha Valentia, ndipo pa maphompho a m'mbali mwa nyanja otchedwa Kerry Cliffs, kukakhala kopanda chifunga, chilumba cha Skellig Michael chimaoneka patali m'nyanja. Galimoto ziwiri zikakumana, amene ali pafupi ndi malo otakasuka ndiye amabwerera m'mbuyo; mnzakeyo amakweza dzanja kuthokoza.

Thirani mafuta ku Cahersiveen. Bwerekani galimoto yaing'ono, ndipo funsitsani ngati inshuwalansi ikukhudza matayala ndi magalasi, chifukwa nthawi zambiri siziphatikizidwa. Pa Moll's Gap, mpata wa m'mapiri pakati pa Kenmare ndi Killarney, chepetsani liwiro: nkhosa zopakidwa utoto pamsana zimagona pa phula, hutala siziiopa.