Pomwe ndafika ndi ana a njoka okana kudya

Ndimaweta njoka zopanda ululu za mtundu wa corn snake. Zambiri mwa zimene zinabadwa chaka chino zinayamba kudya zitangofundula koyamba, koma zitatu zikukanabe, ndipo ndi zimenezi zimene zadzaza kabuku kanga m'masabata apitawa. Mazira a njokazi amaswa pakatha masiku pafupifupi 60, ndipo kanjoka kamatuluka kali ndi chikasu cha m'dzira m'mimba mwake, chimene chimakapatsa mphamvu m'masiku oyambirira. N'chifukwa chake sindipereka chakudya kanjoka kasanafundule, zomwe zimachitika patapita sabata imodzi kapena kuposerapo pang'ono, ndiponso sindiwerengera kukana koyamba kapena kwachiwiri ngati matenda.

Ndisanakhudze za chakudya ndinayamba ndaunika malo okhala. Njoka sipanga yokha kutentha kwa thupi lake, choncho ikazizidwa m'mimba simugaya bwino, ndipo imangosiya kudya. Mbali yofunda ya bokosi lililonse ndaisunga pakati pa madigiri 28 ndi 30, mbali inayo ndi yozizirirapo, ndipo mbali zonse ziwiri zili ndi pobisala popanikiza moti kanjoka kakalowa kamakhudza makoma. Kalikonse kali m'kabokosi kakekake. Anthu ambiri amaganiza kuti bokosi lalikulu ndi chifundo, koma kwa kanyama kolemera magalamu osakwana 10, kamene kutchire kamadyedwa ndi mbalame, malo aakulu opanda pobisala amangokawonjezera mantha. Ndasiyanso kuzigwira njokazi, kupatula pamene ndikuziyeza pa sikelo.

Chakudya chake ndi ana a mbewa ofiira, osamera ubweya, amene ndimawasunga oumitsa m'firiji n'kuwasungunula m'madzi ofunda. Njira imene inathandiza njoka yoyamba mwa zitatuzi ndi yosavuta kwambiri: ndinaiika madzulo m'kachidebe kakang'ono kobowola mpweya pamodzi ndi kamwana ka mbewa, n'kuphimba kuti mukhale mdima, ndipo m'mawa ndinapeza mimba yake yatukumuka. Yadyanso pambuyo pake popanda kuinyengerera, choncho ndaichotsa pa mndandanda wa zondidetsa nkhawa.

Yachiwiri inafuna zambiri, ndipo apa ndi pamene ndaphunzira kulemekeza lilime la njoka. Njoka imatola fungo ndi lilime n'kulipititsa ku kachiwalo ka Jacobson kamene kali m'kamwa chakumwamba, ndipo chinthu chikapanda kununkhira ngati chakudya sichichiyesa chakudya ngakhale chili pamphuno pake. Kwawo, kum'mwera chakum'mawa kwa United States, ana a njokazi amadya kwambiri abuluzi ang'onoang'ono ndi achule a m'mitengo, kotero fungo la mbewa silikopa onse. Ndinayamba ndi kutsuka kamwana ka mbewa kuti fungo lake lichepe, koma njokayo inangonunkhiza n'kutembenuka. Ulendo wotsatira ndinaboola mutu wa kambewako ndi singano kuti bongo utulukire pang'ono, ntchito yosasangalatsa kuiona koma imene oweta ambiri amaidalira, ndipo inameza ndili chiyang'anire. Ena amapaka kambewa fungo la buluzi kapena la mwanapiye, koma ine buluzi wogwidwa kutchire ndimamupewa chifukwa akhoza kubweretsa tizilombo ta m'mimba.

Pakati pa kuyesa kwina ndi kwina ndimadikira masiku 5 mpaka 7, ndipo ndimasintha chinthu chimodzi chokha pa ulendo uliwonse. Kupereka chakudya tsiku ndi tsiku kumangoopseza kanjoka, ndipo ukasintha kutentha, bokosi ndi fungo pa nthawi imodzi sudziwa chimene chagwira ntchito.

Yachitatu ikadakanabe. Ndayesa kugunda m'mbali mwa khosi lake ndi kambewa kogwira ndi chopanira kuti ilume mokwiya. Inaluma ndithu, koma inalavula itangoona kuti ndasuntha dzanja, ndipo ndikuona kuti ulendo wina ndiyenera kukhala chete osagwedezeka mpaka itameza. Chimene chikundiletsa kuthamangira kuikakamiza ndi sikelo. Ndimaiyeza sabata iliyonse pa sikelo yoyeza magalamu, ndipo kulemera kwake kwatsika pang'ono kwambiri. Ikumwa madzi, lilime likugwira ntchito, msana sunatuluke, khungu silinakwinyike, ndipo sindinaone nthata. Kuika chakudya m'kamwa mwa njoka ndi dzanja ndi njira yomaliza, pakuti nsagwada za kanjoka kotere n'zanthete, ndipo kakasanza pamafunika kudikira pafupifupi masabata awiri kuti m'mimba mukhazikike musanayesenso.

Ndakonza kuti ulendo wotsatira ndiyese kambewa koviikidwa kwa kanthawi kochepa m'madzi otentha kwambiri, kenako n'kukaziziritsa, chifukwa zimenezi zimasintha fungo ndi kulimba kwake. Ngati sikelo iyamba kuonetsa kutsika koonekeratu, kapena msana n'kuyamba kusongoka, ndidzapita nayo kwa dokotala wa ziweto wodziwa za njoka kuti aione ngati ilibe tizilombo kapena chilema chobadwa nacho ndisanayese china chilichonse.