Za heater core zija zalowa m'mutu tsopano

Anzanga a kalasi ya zaumakaniko, mtima wanga wakhala pansi. Kanthu kamene kakhala kakundizunguza mutu kuyambira temu yatha, heater core, ka radiator kakang'ono ka m'kati mwa dashibodi kamene kamatenthetsa mphepo ya m'motoka, ndakamvetsa, ndipo ndakamvetsera pabwalo pa amalume ku Chilenje, mikono ili m'kati mwa dashibodi ya Corolla yawo.

Za thermostat ndi water pump sindibwereza, tonse tinalemba mayeso. Chimene chinkandiimitsa mutu ndi ichi: amalume sayatsa heater, ngakhale m'mawa wa July kuzizira kutafika m'mafupa, amangovala jekete basi. Koma kapeti ya kumene kumakhala pasenjala inali chinyowere, galasi lakutsogolo likuchita nkhungu yamafutamafuta yosamva nsanza, m'motoka muli kafungo kotsekemera, coolant, madzi oziziritsa injini, ikutsika m'botolo. Chinthu chimene mwini wake sachigwiritsa ntchito chingadonthe bwanji?

Kani madzi aja sasiya kudutsamo! Pa motoka zambiri za masiku ano, coolant yotentha imachoka ku injini, kulowa pa payipi imodzi yoboola firewall (khoma la pakati pa injini ndi mokhala anthu), kuzungulira mu heater core, n'kubwerera pa payipi inzake nthawi yonse imene injini ikulira. Kabatani kosinthira kutentha, kofiira ndi ka buluu kaja, sikatseka madzi ayi. Kamangokankha kachitseko kapulasitiki m'bokosi la heater, kamene kamasankha ngati mphepo ya fani idutse pa heater core kapena iilambalale. Ndinaika chala pa kachitsekoko, amalume akupotokola batani, iko n'kumayenda uku ndi uku. Pamenepo m'pamene zonse zinagwirana. Motoka zina zakale zili ndi valavu pa payipi, ndiye mwina n'chifukwa chake ambirife timaganiza kuti ukazimitsa heater watseka madzi.

Tanthauzo lake n'lakuti ka radiator kakang'ono kaja kamasenza zonse zimene radiator yaikulu ikusenza. Chivindikiro cha radiator chikalembedwa 1.1 bar, mphamvu imeneyo ikukankhanso timachubu take toondato. Thermostat, valavu yolola madzi kupita ku radiator, ikamatseguka pa madigiri 82, madzi amoto omwewo ali pafupi ndi mawondo anu. Ndipo kakadontha, si nkhani ya kapeti chabe, ndi injini imene ikutaya madzi ake. Onjezani chizolowezi chathu chothira madzi a pampopi. Lusaka yakhala pa mwala wa laimu, suzumirani m'ketulo ya kunyumba muone zoyera zimene zamatirira pansi. Zomwezo n'zimene ndinapeza kukamwa kwa heater core yakaleyo, zitasakanikirana ndi dzimbiri.

Ntchito yeniyeni ndi kuifikira. Tinachotsa waya wa negative pa batire n'kudikira masekondi 90 chifukwa cha ma airbag, ndipo mapulagi achikasu aja musamawagwire mwachibwana. Gasi wa AC tinakachotsetsa kwa odziwa, popeza evaporator, kachipangizo ka AC koziziritsa mphepo, ili m'bokosi lomwelo. Kenako chiwongolero pansi, wailesi kunja, dashibodi yonse kuigoneka pa mkeka.

Apa ndiyenera kutamanda chikatoni changa. Ndinatenga chikatoni chachikulu, kujambulapo dashibodi ndi makala, ndiye screw iliyonse ikatuluka ndinkaibaya pa chithunzipo, pamalo pamene yachokera. Yaitali ya pakona, pakona. Tiwiri tating'ono ta pansi pa wailesi, pansi pa wailesi. Pobwezera sipanatsale ngakhale kamodzi. Ena amati kujambula ndi foni n'kokwanira, koma foni batire imatha, malodi a magetsi ali pakhomo, manja ali bii ndi girisi. Ine ndikuti munthu wa chikatoni angathe kuphwasula motoka ina iliyonse, ngakhale basi, n'kuibwezeretsa. Akanati aziphunzitsa zimenezi sabata yoyamba, theka la misozi ya ku workshop likanatha.

Zikundiwawabe kuti aphunzitsi athu nkhani yonseyi anaidutsa ngati akuthamangira basi yomaliza. Anajambula kabokosi pa bolodi, mizere iwiri, n'kunena kuti kuno kotentha heater ilibe ntchito, tiyeni ku mabuleki. Nditakweza mkono anati, "Mudzaziona ku attachment." Chonsecho ku workshop kuli injini zopanda motoka, dashibodi sitinaitsegulepo n'kamodzi komwe. Sindikuti sadziwa, amadziwa kwambiri, koma silabasi ikuwathamangitsa, ifenso masana tili ku maganyu, madzulo m'kalasi tikuwodzera. Nanga kuti heater ilibe ntchito, iwo sanayendepo pa Great East Road mvula ya January ikukhuthuka, galasi litachita nkhungu?

Titaika heater core ina n'kumanga zonse tinathira coolant yosakaniza bwino, kutsogolo kwa motoka titakukweza pang'ono, chivindikiro chili chotsegula, injini ikulira mpaka thovu linasiya kutuluka. Coolant yakale ija tinaitsekera m'chigubu, chifukwa imatsekemera koma ndi poizoni, ndipo pakhomo pali ana ndi galu.

Kapeti yauma, fungo latha. Koma pali ziwiri zimene sizinandikhazikike. Motoka ikaima pa maloboti mphepo imabwera yofunda chabe, ikanyamuka n'kuyamba kutentha bwino. Kaya mwatsala mpweya, kaya water pump yatopa, sindinatsimikize. China n'chakuti makaniko wa pafupi ndi kwathu anatiseka, akuti iye akanangolumikiza mapayipi awiri aja kumbali ya injini, heater core n'kuisiya yokha, ntchito ya mphindi zochepa. Ndinamuyankha zamabuku, koma pobwerera kunyumba ndinkadzifunsa ngati kasitomala wa ndalama zochepa, wosayatsa heater ngati amalume, ndingamuuzedi kuti tigwetse dashibodi yonse. Mwina ndingamuuze, mwina ayi. Loweruka ndikayesanso kutulutsa mpweya uja kaye.